Wowerenga Mapazi a Mnzake

Togashi Mitsugu anabadwira m'mudzi wa m'mapiri a Akita, kumene chipale chofewa chimakwirira makomo kwa miyezi inayi. Bambo ake anali mlimi wa mpunga, munthu wosakonda zolankhula. Madzulo alionse ankalemba mizere iwiri m'kope: mmene kunja kwachera, ndi zimene zachitika kumunda. Chipale chayamba kusungunuka kumunsi. Achule alira lero. A Kamata awokera kale mpunga wawo, ife ayi. Mitsugu anali mwana wachitatu, choncho munda sunali wake. Chimene anatenga kwa bambo akewo chinali chizolowezi cha kope basi.

M'mwezi wa Malichi 1961, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, anakwera sitima yonyamula ana a alimi kupita kukagwira ntchito m'mizinda. Pambali pake panakhala Kamata Noboru, mwana wa eni munda woyandikana ndi wawo. Sitima isanatuluke n'komwe m'chigwa, Noboru anali atamaliza mibulu yake ya mpunga, n'kuyamba ya Mitsugu, uku akumuseketsa. Onse awiri analembedwa pa kampani ina yopanga makatoni ku Kawasaki. Anagona chipinda chimodzi zaka zisanu ndi ziwiri, anakwatira chaka chimodzi, ndipo kampani inawapatsa nyumba mu mdadada umodzi: Togashi ndi mkazi wake Hatsue pansi, Kamata ndi mkazi wake Sumie pamwamba pawo penipeni.

Kusiyana kunabwera pang'onopang'ono, ngati kukula kwa mmera. Noboru anali ndi pakamwa pokoma, ndiye anamuchotsa ku makina n'kumukweza ku ofesi ya zamalonda, kovala taye. Mitsugu anatsala kosungira katundu, akuwerenga mitolo ya makatoni yokwera m'malole. Ntchito yake ankaidziwa. Kwa zaka makumi awiri palibe lole imene inachoka ndi katundu wolakwika. Koma ntchito ya munthu wosalakwitsa sioneka. Mu Epulo 1986, maluwa a sakura akuthothokera m'ngalande za pafakitale, dzina la Kamata linamatidwa pa bolodi: mkulu wa gawo la zamalonda.

Si taye imene inkamuwawa Togashi. Chinkamuwawa chinali nthawi yofikira pakhomo.

Mu mdadada umenewo, ulemu wa mwamuna unkadziwika ndi ola limene nsapato zake zamvekera pa masitepe. Wofika usiku kwambiri ndiye kuti kampani singayende popanda iye. Wofika kukuwala, azimayi ankamupatsa moni mokoma, kenako n'kuyang'anana. Kosungira katundu ankatseka geti sikisi koloko, lole yomaliza ikatuluka, ndipo panalibe chokhalira. Togashi ankadinda khadi lake pa makina olemba nthawi n'kumapita. A ku ofesi nawonso ankatsika sikisi koloko yomweyo, n'kudinda makhadi awo pamzere, kenako n'kukweranso kubwerera pa madesiki. Aliyense ankadziwa zimenezi, ndipo palibe ankaziona zachilendo.

"Mwabwera kale, abambo?" Hatsue ankatero ali kukhitchini. "Mpunga sunapse n'komwe. Inu ndi ana a sukulu mumalimbirana njira."

"Ntchito yatha."

"Nanga ya anzanu siitha bwanji? A Sumie akuti, 'Mayi Togashi, ine ndatopa, mwana akuiwala nkhope ya bambo ake.' Akudandaula, koma ife tonse tikumva. Ine ndiyankhe chiyani? Ndinene kuti anga amafika zochapa zisanaume pachingwe?"

Chilimwe chitafika, dzuwa likuchedwa kulowa, Togashi anayamba kukhala pa benchi m'mphepete mwa ngalande mpaka mdima ugwe. Nyenje zinkalira m'mitengo, udzudzu ukumuluma m'miyendo, m'mimba muli pululu. Ankalowa mu mdadada cha m'ma eyiti, akuyenda ngati munthu wotopa.

Masitepe a mdadadawo anali achitsulo, ndipo ankadutsa kuseri kwa khoma la kuchipinda kwake. Mapazi a Noboru ankawadziwa kuyambira ubwana: lamanzere lolemera, lamanja lokwekweza pang'ono. Ndiye pansi pa mizere iwiri ya kope lake anawonjezera wachitatu.

Meyi 12. Kwacha bwino, mphepo ya kummwera. Kamata watsika 6:10 m'mawa, wakwera 12:50 usiku. Akufuna tonse timve.

Juni 20. Mvumbi. Watsika 6:05, wakwera 1:30. Mbuzi yovala taye.

Ogasiti 3, Lamlungu. Kotentha kopanda mphepo. Wapitanso. Kunyambita mapazi a mabwana.

Poyamba ankadzitonthoza kuti mnzakeyo amakhala ku mowa, kapena ali ndi mkazi wina kwinakwake. Kuchokera ku mdadada kukafika ku fakitale unali ulendo wa mphindi khumi, choncho masiku ena ankavala jekete n'kupita kukaona ndi maso. Ankabwerera atakhumudwa. Ndakaona, 11:40. Nyale ya pa desiki yake yokha ndi imene ikuyaka. Alidi pa ntchito, galu ameneyu.

Kope linadzaza, anagula lina. Masamba anafiira n'kuyoyoka, chisanu chinabwera, sakura anaphukanso, ndipo mzere wachitatu sunaphonye tsiku.

Tsiku lina mu Okutobala 1988, nthawi ya nkhomaliro, Noboru anatsikira kosungira katundu. Khosi linali litachepa m'kolala. Anakhala pa mtolo wa makatoni n'kumasula taye.

"Mitsugu, ndibise pano mphindi khumi. Akandifuna unene kuti sunandione."

"Bwana wamkulu kugona pa makatoni? Mudetsa suti, bwana."

"Usanditchule bwana iwe. Ndimakudziwa mamina akufika m'kamwa." Anaseka pang'ono n'kutsamira khoma. "Kwathu akukolola tsopano. Ukukumbuka fungo la mapesi akamawotcha m'minda? Zaka zinayi sindinapondeko. Ngakhale kumanda kwa bambo."

"Anthu ofunika sapita kumanda."

"Ndimakusirira, Mitsugu. Umadya ndi ana ako, chakudya chili chotentha."

Togashi anamva ngati am'menya mbama. "Eya, ena tilibe ntchito, eti?"

Koma Noboru anali atagona kale, kukamwa kuli yasa. Panja lole inkabwerera chammbuyo, ikulira mluzu wake, iye osagwedezeka. Togashi anaimirira pomwepo, maso pa wotchi. Mphindi khumi zitakwana ndendende, anamugwedeza phewa. Madzulo analemba kuti: Thambo lalitali, lopanda mtambo. Wabwera kudzandiseka.

Pa 9 Febuluwale 1989 kunacha kozizira, madzi a m'ndowa ya panja ataundana pamwamba. Togashi anali maso, akudikira. 6:05 inadutsa. 6:10 inadutsa. Kenako anamva chinthu cholemera chikugwa pamwamba pa mutu wake, ndi mawu a Sumie akuitana. Anathamanga wopanda nsapato. Anapeza Noboru atagwa pakhomo, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Mtsempha unali utaphulika m'mutu. Anamwalira kuchipatala dzuwa lisanafike pamutu, ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

Pa maliro, nkhata zazikulu za maluwa zinandandalikidwa mumsewu kuchokera pachipata mpaka pa sitolo ya fodya. Mwini kampani anabwera yekha, anawerama nthawi yaitali, n'kunena kuti nsanamira yagwa. Togashi analira, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Komanso anawerenga nkhatazo. Zinali makumi atatu ndi zinayi. Za ine zikanabwera zingati, anadzifunsa. Zinayi, mwina zisanu, imodzi ya madalaivala a malole.

Masiku makumi anayi mphambu asanu ndi anayi a maliro atatha, sakura akuyamba kutumphuka, Sumie anatsika masitepe ndi kabokosi ka makeke a nyemba. Anagwada n'kuweramitsa mutu mpaka pansi.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani yovuta."

"Dzukani, alamu, dzukani. Timwe tiyi."

"Ndinaimba foni kwa maloya amene amathandiza akazi ngati ine. Akuti imfa ya bambo ake Yoko ili ndi dzina. Akuti ndi karoshi. Ntchito ndi imene inawapha."

Togashi anali atawaonapo mawu amenewo m'nyuzipepala. Sankaganiza kuti angalowe mu mdadada wawo.

"Ofesi ya boma yoona za antchito ikavomereza, ine ndi mwana tidzathandizidwa," Sumie anapitiriza. "Komanso zidzalembedwa kuti sanafe chabe. Koma kampani yatulutsa makhadi. Onse akuti sikisi koloko. Zaka zitatu, sikisi koloko. Akuti akadinda khadi, kumene ankapita iwo sakukudziwa. Mukumva zimene akutanthauza? Yoko wamva kale kusukulu kuti bambo ake anali ndi mkazi wina. A ku ofesi onse akundithawa. Inu muli pansi pathu. Mwina mukukumbukirako."

"Kukumbukira chiyani!" Hatsue analowerera, ketulo ili m'manja. "Abambowa ali ndi makope. Amalemba chilichonse awa, ngakhale ntchentche ikatera. Mapazi akangomveka, iwo diso pa wotchi. Abambo, si munalemba?"

Hatsue anali asanatsegulepo makopewo. Togashi anayang'ana m'kapu yake.

"Ndiona," anatero.

Anagula kope latsopano. Kwa milungu isanu ndi umodzi, akaweruka, ankakhala pa tebulo n'kumakopera: tsiku, ola lotsika, ola lokwera. Zina zonse ankasiya. Pokopera anaona zimene sanazione polemba. Novembala yense, palibe tsiku lopuma. Disembala, limodzi. Januwale, awiri a chaka chatsopano, kenako masiku makumi atatu ndi asanu ndi awiri otsatizana mpaka tsiku la nsapato ija. Anaika cholembera pansi. Koma ngakhale pamenepo, kamawu kena kankanong'ona mkati mwake: iwe kampani sinakufunepo chonchi.

Nkhani inamveka, poti mu mdadada khoma ndi lopyapyala. Tsiku lina a Oguri, mkulu woona za antchito pa kampanipo, anatsikira kosungira katundu, chinthu chimene anali asanachitepo.

"A Togashi, malo anu ndi osamalika bwanji. Zaka zingati tsopano?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, bwana."

"Mpunga wa kampani zaka zonsezo. Nyumba ya kampani. Ana asukulu awiri." A Oguri anasisita katoni imodzi ngati akusisita mwana. "Malemu anali munthu wokonda kampani. Sakanafuna kuti dzina lake likokedwe m'maofesi a boma. Inu munali mnzake, mukudziwa."

Togashi anawerama. Chodabwitsa n'chakuti mtima wake unatentha mokoma. Kanali koyamba kuti munthu wa pamwamba amuope.

Mvula ya Juni itayamba, anapita ndi Sumie kwa loya, mayi wina wa imvi dzina lake Nonomura, amene ofesi yake inali pamwamba pa malo odyera. Mayiyo anatsegula kope latsopanolo, anaona masamba atatu, n'kulitseka.

"Bambo Togashi, mumalemba bwino. Cholembera chimodzi, inki imodzi, zaka zitatu, pepala loyera ngati lagulidwa dzulo."

"Ndakopera kuti liwerengeke bwino."

"Ndiye akatifunsa, tidzati chiyani? Adzati mnzake wa kumudzi wakhala pansi n'kupeka maola kuti athandize mkazi wamasiye. Ngakhale ine ndikanatero. Akale aja ali kuti?"

"Muli zina zosafunika."

"Za akazi?"

"Ayi!"

"Ndiye bweretsani. Osang'amba tsamba, osafufuta kanthu. Popanda amenewo, tilibe mlandu."

Anabwerera pa sitima. Madzi ankatsetsereka pa zenera. Sumie anali atafumbata ambulera yake ndi manja awiri, ndipo atatsala pang'ono kutsika anati, "Alamu, ngati n'zovuta, musadzikakamize. Mwachita kale zambiri." Mawu amenewo anamupweteka Togashi kuposa aja a Oguri.

Anakhala masiku asanu ndi atatu. Anaganiza zowotcha makopewo n'kunena kuti anatayika. Anaganiza zothira tiyi pa masamba oipitsitsa, koma oipitsitsawo anali pafupifupi onse. Tsiku lachisanu ndi chinayi, mvula itapumira, anakulunga makope atatu m'nsalu, anapempha tchuthi cha theka la tsiku, choyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi, n'kupita ndi Sumie kwa loya uja.

Mayi Nonomura anawerenga ataimirira. Anatembenuza masamba mofulumira, kenako pang'onopang'ono. Pena anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Mbuzi yovala taye," anawerenga mokweza. "Bambo Togashi, pepani, koma izi ndi golide. Mnzake wa malemu angathe kunama. Munthu womuda chonchi sanganame kuti amukometse. Ndipo onani apa, munkachita kupita kukasuzumira pa zenera la ofesi! Kangati?"

"Sindinawerenge."

"Tiwerenga ife. Nyengo yomwe munalembayi tidzaiyerekeza ndi ya boma, aone kuti munalembadi tsiku lomwelo." Kenako anatembenukira kwa Sumie, nkhope itasintha. "Mayi Kamata, simukukakamizidwa kuwerenga."

"Ndiwerenga," Sumie anatero.

Anawerenga maola awiri. Fungo la msuzi linkakwera kuchokera pansi. Togashi anakhala pa mpando, manja pa mawondo, akuyang'ana kachidontho ka pakhoma. Sumie sanalire. Atafika pa tsamba lina la Okutobala anaima.

"Wabwera kudzandiseka. Linali tsiku liti limeneli?"

Togashi anafotokoza za makatoni ndi mphindi khumi zija. Sanabise kuti anamudzutsa pa wotchi.

"Tsiku limenelo ndikulikumbuka," Sumie anatero. "M'mawa mwake anandiuza kuti, 'Ndinakaona Mitsugu, ndagona bwino kuposa kunyumba.' Ankakukondani, a Togashi."

Sanatinso alamu.

"Ine ndinkagona," anapitiriza, mawu ali pansi. "Chaka choyamba ndinkadikira, kenako thupi linakana. Ndinkangosiya chakudya pa tebulo. Sindinkadziwa ola limene mwamuna wanga walowera. Inu ndi amene munkamudikira. Tsiku lililonse, zaka zitatu. Mumadziwa ngakhale phazi lomwe linkamulemera." Anatseka kope. "Munaona zonsezi. Simunakwere masitepe n'kudzagogoda?"

Togashi anatsegula pakamwa. Yankho loona linalipo, koma linali lakuti ankafuna akanakhala iyeyo wofika usikuyo. Anangowerama, ndipo anakhala chiweramire mpaka Sumie atatuluka.

Makopewo anapita ku ofesi ya boma. Togashi anaitanidwa kawiri kukafunsidwa, ndipo kawiri konse anawerengeredwa mawu ake omwe pamaso pa anthu osawadziwa. Sumie ndi Yoko anasamuka mu mdadada nyenje zisanasiye kulira. Anatsanzika nyumba iliyonse, ndipo pa khomo la a Togashi analankhula ndi Hatsue yekha. Hatsue sanafunsenso chifukwa chimene mwamuna wake amafikira msanga. Sanafunsenso zambiri.

Epulo wotsatira, dzina la Togashi linamatidwa pa bolodi kwa nthawi yoyamba. Anamusamutsira ku kanyumba kosungira katundu ka kampaniyo kumpoto, m'mphepete mwa msewu wa malole, kokhala anthu atatu. Banja linatsala ku Kawasaki chifukwa cha sukulu. Kumeneko minda ya mpunga inkafika mpaka pa mpanda, ndipo ankaona alimi akuthira madzi, akuwokera, akukolola, pamene iye akudikira lole imodzi ya m'mawa ndi imodzi ya masana.

Kalata inafika patapita zaka ziwiri, mpunga utayamba kuweramitsa ngala. Inachokera kwa mayi Nonomura. Boma linali litavomereza: Kamata Noboru anafa chifukwa cha ntchito yopyola muyeso. Mkazi wake ndi mwana adzathandizidwa. Loyayo anatumizanso chikalata chimene analemba pa mlanduwo, masamba khumi ndi anayi, ndi kapepala kakuti, "Popanda inu sizikanatheka. Mayi Kamata akudziwa zimenezi."

Togashi anakhala pa mtolo wa makatoni n'kuwerenga zonse, kuyambira pamwamba. Maola ake anali momwemo, mwezi ndi mwezi, ndendende monga anawalembera. Maulendo ake a kukasuzumira anali atawerengedwa: makumi asanu ndi limodzi mphambu awiri. Dzina la Kamata linali pa tsamba lililonse, pena kasanu, pena kasanu ndi kawiri. Anayendetsa chala kufunafuna lake. Loyayo anali atalibisa kuti amuteteze. Paliponse panangolembedwa kuti "wokhala m'nyumba ya pansi."

Anabwereza kachiwiri kuti atsimikize. Kenako lole ya masana inalowa pageti, dalaivala akuimba hutala. Togashi anapinda chikalatacho, anachiika m'thumba la malaya, n'kupita kukawerenga mitolo.